KAPUTENI MAGUIRE NDI ASILAMU A PA AKAVALO OCHOKERA KU HYDERABAD

 

Akomiti atandipempha kuti ndilembeko kambiri m'kabuku ka chaka chino, ndinati bwanji tiyambire pakhomo pomwe pano. Achikulire ena mpaka lero akafuna kupita pa Boma amati "ndikupita ku Fort Manning", ana nkumaseka poganiza kuti agogo asokonezeka. Agogowo sanasokonezeke ayi. Limenelo ndilo linali dzina la Boma lathu la Mchinji m'nthawi ya atsamunda, monga momwe Mangochi inali Fort Johnston, Chitipa inali Fort Hill, ndipo Chipata kutsidyaku inali Fort Jameson. Koma kuti timvetse za Manning ameneyu, tiyenera kuyamba ndi mzungu wina amene anabwera iye asanafike, msilikali wa pa kavalo amene anafera m'madzi a nyanja yathu, komanso ndi Asilamu anzathu amene anabwera nawo kuchokera ku India.

Dzina lake linali Cecil Maguire. Anali Kaputeni m'gulu la asilikali lotchedwa 2nd Hyderabad Lancers. Ankatchedwa choncho chifukwa chida chawo chachikulu chinali mkondo wautali, umene ankabaya nawo adani kavalo ali pa liwiro. Hyderabad linali dziko lalikulu m'kati mwa India, lolamulidwa ndi mfumu ya Chisilamu yotchedwa Nizam, ndipo pa nthawiyo pampando panali Mahbub Ali Khan, amene analamulira kuyambira 1869 kufikira 1911. Asilikali a gulu limeneli ankalipidwa ndi chuma cha m'dziko la Nizam, koma owalamula anali azungu a ku Britain, ndipo ambiri mwa okwera pa akavalowo anali Asilamu. Msilikali wamba wa pa kavalo ankamutcha sowar, wamkulu pang'ono dafadar, ndipo mkulu wa chiIndiya weniweni risaldar. M'magulu ambiri otere munthu ankalowa usilikali ndi kavalo wolipira yekha, kotero kuti kavalo anali chuma chake, ulemu wake ndiponso ntchito yake. Mfundo imeneyi muisunge, tiifuna kutsogoloku.

M'chaka cha 1891 Britain inalengeza kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake, nituma Harry Johnston kuti adzalilamulire. Vuto linali lakuti boma la ku London silinafune kutayirapo ndalama. Amene anatulutsa ndalama anali Cecil Rhodes, kudzera m'kampani yake ya British South Africa Company, ndipo ankapereka mapaundi 10,000 pa chaka. Apa mpomwe Maguire akulowera m'nkhani. Mbale wake, Rochfort Maguire, anali mnzake wa Rhodes, mmodzi wa anthu aja anapita kwa Lobengula mu 1888 kukatenga chikalata cha migodi chimene chinadzalanditsa dziko la Amandebele. Tsono Cecil Maguire anapatsidwa ntchito yosonkhanitsa asilikali odzipereka ku India. Anapeza anthu pafupifupi 70. Ambiri anali Asikh, aja ovala nduwira osameta ndevu, koma oposa 20 anali Asilamu a pa akavalo a ku Hyderabad. Anaoloka nyanja yaikulu ya mchere, nakwera Zambezi ndi Shire, nafika kuno pakati pa chaka chomwecho cha 1891.

Chinthu choyamba chimene dziko lino linawachita ndi kuwaphera akavalo. Mfuti isanalire ndi kamodzi komwe, kashembe ndi matenda ena a akavalo anali atayamba kale ntchito. Alimi a kuno kwathu, makamaka oyandikana ndi nkhalango ya Kasungu, akudziwa momwe ng'ombe yolumidwa ndi kashembe imathera: imaonda pang'onopang'ono, ubweya nkuyima, maso nkumatuluka misozi, kenaka basi yagona. Kavalo ndiye sachedwa nkomwe. Pafupifupi akavalo onse anafa, ndipo amuna amene anakulira pamsana pa kavalo anapezeka akuyenda wapansi, kukwera mapiri a Mulanje ndi Chikala mfuti ili paphewa, kupalasa bwato, kukumba maenje a linga. Taganizani munthu amene kwao anthu ankamupatukira pa msewu, lero akuponda matope a m'dambo la Shire, udzudzu uli ng'wee m'makutu. Johnston ataona zimenezi sanaitanitsenso asilikali a pa akavalo. Magulu onse amene anabwera pambuyo pake kuchokera ku India anali oyenda pansi. Ndiye mbiri ya asilikali a pa akavalo m'dziko muno ndi yaifupi zedi, ndipo ndi yomweyi tikukambayi.

Nkhondo yawo yoyamba inali kwa Chikumbu ku Mulanje mu July ndi August 1891. Koma maso a Johnston anali kumwera kwa nyanja, kumene kunali mafumu akuluakulu a Chiyao: Mponda pamene Shire akutulukira m'nyanja, Jalasi (amene azungu ankalemba kuti Zarafi) pa phiri la Mangochi, Kawinga ku Chikala, ndi wamkulu wa onse pa mphamvu, Makanjira, kum'mawa kwa nyanja.

Pano, abale ndi alongo, ndikupemphani kuti tiwerenge mofatsa, chifukwa nkhaniyi ikutikhudza mbali zonse. Mafumu amenewa ndiwo anali oyamba kulandira Chisilamu kumwera kwa nyanja. Makanjira analowa Chisilamu cha m'ma 1870, ndipo pofika 1891 kwa Mponda kunali kale madrasa angapo, ana akuwerenga Qur'an pa matabwa. Ambiri a ife tikafufuza kumene deen inalowera m'banja mwathu, njira yake ikatifikitsa kwa Makanjira, kwa Mponda kapena ku Nkhotakota. Zimenezo nzoona. Koma nzoonanso kuti chuma cha mafumuwa chinkachokera ku minyanga ya njovu ndi akapolo. Anthu ankagwidwa m'midzi ya Amang'anja, Anyanja ndi Achewa, ena nkugulidwa kwa Angoni amene anawagwira pa nkhondo, nkuwaolotsa nyanja m'zombo za matanga, nkuwayendetsa mu goli mpaka ku Kilwa ndi madooko ena a kugombe. Pobwerako ankatenga nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Kuno ku Mchinji pali mabanja ambiri a Chisilamu amene bambo ndi Myao, mayi ndi Mchewa kapena Mngoni. Ndiye kuti m'nyumba imodzi momwemo muli zidzukulu za ogulitsa ndi zidzukulu za ogulitsidwa, zikudyera mbale imodzi ya mpunga pa tsiku la Eid. Ife amene timadziwa kuti kumasula kapolo ndi imodzi mwa njira zimene zakaat imagwirira ntchito sitingaimire kumbuyo malonda amenewo pongoti ochitawo anali athu.

Komanso tisapusitsidwe nkuganiza kuti Johnston anabwera ndi chifundo chokhachokha. Iye ankafuna dziko, msonkho ndi antchito a m'minda ya azungu, ndipo Rhodes amene ankalipira asilikaliwo ankafuna migodi. Mfumu iliyonse yokana kugonja inali mdani, kaya ikugulitsa akapolo kaya ayi, monga tidzaonera pa nkhani ya Mpezeni. Ndi Makanjira panalinso kachakukhosi. Mu 1888 anthu ake anagwira John Buchanan, amene ankaimira boma la Britain, pamodzi ndi mbusa W. P. Johnson, nawavula zovala, Buchanan nkumukwapula, ndipo anawamasula atalipira dipo. Azungu sanaiwale manyazi amenewo.

Mu October 1891 Johnston ndi Maguire anafika kwa Mponda, namanga linga kutsidya kwa mtsinje moyang'anana ndi mudzi wake. Limenelo ndilo Fort Johnston yoyamba. Anaomba mudzi wa Mponda ndi mzinga, Mponda nagonja, napereka akapolo oposa 200 kuti amasulidwe. Kumapeto kwa mwezi womwewo anakwera sitima ya pamadzi yotchedwa Domira, ya kampani ya Mandala, nakatentha mudzi waukulu wa Makanjira ndi kuononga zombo zake zina. Mu November Maguire anapita kwa Kawinga, koma kumeneko zinamuvuta. Kawinga anali atakhala pamwamba pa phiri, njira zake zopapatiza, ndipo Maguire anavulazidwa nabwerera osalanda phirilo. Miyezi isanu yokha chifikire, munthuyu anali atamenya kale nkhondo zinayi, ndipo pa zonsezo ankakhala kutsogolo kwa anthu ake.

Tsono tafika pa December. Maguire ali ku Fort Johnston analandira uthenga kuchokera kwa Kazembe wa ku Rifu, m'dera la Salima, wonena kuti Makanjira wabisa zombo ziwiri pa malo otchedwa Kisungule, kumpoto kwa mudzi wake uja unatenthedwa. Zombo ndizo zinali msana wa malonda a Makanjira, pakuti popanda chombo sakanaolotsa munthu kapena mnyanga. Maguire sanadikire kuti asilikali achuluke. Anatenga anthu ngati 30, nakwera Domira, ndipo pa 15 December 1891 anafika pamalopo. Madzi a pamenepo ndi osaya, a miyala ndi mchenga, kotero sitima inaima patali, asilikali nkupita kumtunda pa bwato lalikulu. Anatentha chombo chimodzi, chinacho nkuchiononga. Ali m'kati mwa ntchitoyo anthu a Makanjira anatulukira ambirimbiri ndi mfuti, ndipo nthawi yomweyo mphepo inauka pa nyanja. Amene munakhalako kunyanja mukudziwa momwe imasinthira: m'mawa ili phee ngati mphasa, pofika masana mafunde akuposa munthu. Bwato lija linamenyetseka pa miyala nkusweka. Panalibenso njira ina koma kulowa m'madzi ndi kuyenda kapena kusambira kupita ku sitima, zipolopolo zikugwa ngati matalala. Maguire anafika pafupi penipeni ndi Domira, ndipo chipolopolo chinamupeza m'mutu, namira pomwepo. Asilikali atatu a ku India anafanso tsiku limenelo, ena angapo navulala.

Tsoka silinathere pamenepo. Pofuna kuthawa, Domira inatitimira pa mchenga pafupi ndi gombe, poti mfuti za kumtunda zikuifikira bwinobwino. Kaputeni wa sitimayo, Keiller, anavulala. Asilikali a ku India otsalawo anaunjika katundu m'mbali mwa sitima kuti adzitchinjirize, nakhala momwemo masiku angapo, usiku akuyesa kuikoka sitimayo kuti ichoke pa mchenga. Kenaka a kumtunda anatumiza mawu akuti tiyeni tikambirane, bwerani mudzatenge mtembo wa mkulu wanu. Dokotala wa gululo, Sorabji Boyce, Mparsi wa ku India, pamodzi ndi injiniya wa sitima MacEwan, anatsika opanda zida. Onse awiri anaphedwa. Pambuyo pake otsalawo anaikankha sitima nkulowa m'madzi akuya, nabwerera ku Fort Johnston opanda mkulu wawo.

Tsatanetsatane wa masiku amenewa anatisungira ndi a mbali ya Johnston, makamaka m'buku lake lotchedwa British Central Africa la mu 1897, ndipo munthu akamalemba za mdani wake timadziwa kumene cholembera chimapendekera. Komabe ine maganizo anga ndi awa. Kuti Maguire anali wolimba mtima, palibe angatsutse. Koma analinso wopupuluma: kupita ndi anthu 30 pagombe la mfumu yokhala ndi mfuti mazanamazana, nyengo ya mphepo, pa madzi amene sanawadziwe, kunali kuika miyoyo ya ana a eni pa chiswe. Anthu a Makanjira kumbali yawo ankateteza gombe lawo kwa munthu amene anawatenthera mudzi masabata asanu ndi limodzi okha apitawo, ndipo kumuwombera pa nkhondo inali nkhondo basi. Chimene sindingachiikire kumbuyo ndi kupha anthu awiri aja anabwera atalonjezedwa mtendere. Mwana aliyense wa pa madrasa akudziwa kuti munthu ukamupatsa chitetezo, magazi ake ndi haraam kwa iwe, ngakhale akhale mdani.

Chimene chimandikhalitsa chete ndikamaganiza za tsikulo ndi Asilamu a ku Hyderabad aja. Kumtunda kunali anthu otchula shahada, ndipo m'gulu la Johnston munalinso anthu otchula shahada yomweyo, oyang'ana Qibla imodzi, osamvana chilankhulo, akuwomberana chifukwa cha malipiro ochokera m'thumba la Rhodes. Ndipo si iwo okha. Jumbe wa ku Nkhotakota, Tawakali Sudi, Msilamu amenenso anali wa malonda omwewo, anapangana ubwenzi ndi Johnston mu 1889, ndipo anthu ake anathandiza azungu pa nkhondo yolimbana ndi Makanjira. Ndiye amene amanena kuti nkhondo zimenezi zinali za Akhristu ndi Asilamu sanaiwerenge bwino mbiri. Jumbeyo atamwalira mu 1894, wolowa m'malo mwake azungu omwewo anamuchotsa nkumutumiza ku Zanzibar.

Imfa ya Maguire inalimbitsa mtima mafumu ena. Mu February 1892 gulu la boma linapita kukathira nkhondo Jalasi, koma linathamangitsidwa mpaka kusiya mzinga m'manja mwake, ndipo mzingawo anakhala nawo zaka zitatu. Johnston anaona kuti anthu 70 sangagwire dziko. Rhodes anaonjezera ndalama, sitima ziwiri za nkhondo, Pioneer ndi Adventure, zinaikidwa pa nyanja, ndipo mu 1893 kunabwera Asikh ena 200. Mmodzi wa akuluakulu amene anabwera nawo anali mnyamata wina, Lefitenanti William Henry Manning. Mwamumva tsopano mwini dzina uja. Kumapeto kwa 1893 Makanjira anagonjetsedwa nathawira m'dziko la Apwitikizi, ndipo m'dziko lake anamangamo linga nalitcha Fort Maguire. Chaka cha 1895 chinamaliza zonse: Kawinga, Jalasi ndi Makanjira anathyoledwa kotheratu, ndipo mu December Mlozi anapachikidwa ku Karonga.

Zimene zinatsatira nzodabwitsa. Anyamata a Chiyao, ana a anthu omwe aja ankawombera Domira, anayamba kulembedwa usilikali wa boma pamodzi ndi Atonga, ndipo posakhalitsa anatchuka kuti ndiwo asilikali odalirika. Chinanso, Chisilamu chimene ena ankayesa kuti chitha pamodzi ndi zombo za akapolo chinafalikira kwambiri mafumu atagonja kusiyana ndi kale. Malonda aja atatha, anatsala ndi mashehe oyenda mudzi ndi mudzi, monga Shehe Abdallah bin Haji Mkwanda wa kwa Makanjira komweko, amene anakaphunzira kugombe, ndi wophunzira wake Shehe Thabit bin Muhammad Ngaunje.

Nkhondo inafika kuno kwathu mu January 1898. Mzungu wina wa ku Germany, Carl Wiese, anali atafalitsa mbiri yakuti m'dziko la Mpezeni muli golide, ndipo kampani ya North Charterland inatumiza anthu ake kudzafufuza. Nsingo, mwana wa Mpezeni, ndi anyamata a m'magulu a nkhondo anakana kuti dziko lipite chonchi. Asilikali anachokera ku Nyasaland kuno, Asikh, Atonga ndi Ayao, ali ndi mizinga ndi mfuti za Maxim zolavula zipolopolo ngati mvula, motsogozedwa ndi Kaputeni Brake, ndipo Manning, amene tsopano anali mkulu wa asilikali onse, anabwera ndi gulu lina. Nthungo ndi zishango sizikanalimba. M'masabata ochepa midzi inapsa, Nsingo anagwidwa nkuwomberedwa mu February, Mpezeni anadzipereka, ndipo ng'ombe zoposa 10,000 zinatengedwa. Golide uja sanapezeke wochuluka monga ankanenera. Mwambo wa Nc'wala unaleka kuyambira nthawi imeneyo mpaka pamene unadzutsidwanso mu 1980. Linga limene anamanga mbali ino pofuna kuyang'anira Angoni ndilo analitcha Fort Manning. Mwini dzinayo anakwera ndithu: anakhala woyang'anira wamkulu woyamba wa King's African Rifles, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902, kenaka Bwanamkubwa wa Nyasaland kuyambira 1911 mpaka 1913, napitanso kukalamulira Jamaica ndi Ceylon. Dzina lake linachotsedwa pa Boma lathu dziko litalandira ufulu.

Nanga za mendulo? Maguire sanavale mendulo ya nkhondo za kuno, chifukwa inatuluka mu 1895 iye atagona kale zaka zoposa zitatu. Mphotho yake inali dzina pa linga lija, limene lero ndi bwinja m'dera la Mfumu Makanjira m'boma la Mangochi. Pa malinga onse amene atsamunda anamanga m'dziko muno, palibe ndi limodzi lomwe limene linatchedwa dzina la msilikali wa ku India, ngakhale kuti iwo ndiwo anaipulumutsa Domira. Masiku amenewo Mwindiya, alimbe mtima chotani, sankaloledwa kulandira Victoria Cross, mendulo yapamwamba kwambiri ya Britain. Yawo inali ina, Indian Order of Merit, imene inakhazikitsidwa mu 1837. Lamulolo linasintha mu 1911, ndipo Mwindiya woyamba kuipata Victoria Cross anali Msilamu, Khudadad Khan wa gulu la 129th Baluchis, amene pa 31 October 1914 ku Hollebeke m'dziko la Belgium anapitiriza kuwomba mfuti yake yaikulu ali wovulala, anzake onse a pa mfutiyo atafa.

Mendulo ya mu 1895 ija inkatchedwa Central Africa Medal, ndipo inaperekedwa kwa amene anamenya nkhondo za kwa Chikumbu, Makanjira, Kawinga, Jalasi ndi zina za pakati pa 1891 ndi 1894. Pambuyo pake anaonjezerapo kachitsulo kolembedwa zaka za 1894 mpaka 1898, ndipo nkhondo ya kwa Mpezeni inawerengedwa m'menemo. Ngati m'banja mwanu munali gogo amene analowa usilikali zaka zimenezo, kafufuzeni m'mabokosi akale. Ndi yasiliva, kumaso kwake kuli mutu wa Mfumukazi Victoria, ndipo kansalu kake kali ndi mizere itatu yofanana kukula: wakuda woimira asilikali a mu Africa, woyera woimira azungu, ndi wofiirira ngati dothi la katondo woimira asilikali a ku India.